Thanthwe ndi Nyundo

Yotamu, mwana wa mlongo wanga, akuphunzira ubusa ku Chamba Valley.
Loweruka amatsika minibasi ku Misisi kuno
nsapato zitayera fumbi,
nkukhala pa chidebe pafupi ndi mulu wanga wa miyala.
Buku lake amalitsegulira kumbuyo.
Zilembo zake zili ngati mapazi a nkhuku pa simenti yaiwisi,
ndipo chala chake chimachoka kumanja kupita kumanzere
ngati munthu wobwerera kukatola chomwe wagwetsa.

Akuti alakatuli akale a Chihebri
ankamutcha Mulungu thanthwe.
Ndinaseka mpaka nyundo inandipulumuka.
Mwanawe, thanthwe ndimalidziwa ine.
Zaka khumi ndi zinayi ndikuliotcha ndi matayala,
kuliswa, kuligulitsa pa wilibala.
Landidya zikhadabo ziwiri,
diso lamanzere likuchita nkhungu.
Ukati Iye ndi thanthwe
ukundiuza kuti ndi wouma, sayankha,
amangokubwezera nyundo m'dzanja.

Azakhali, anatero, iwo anali anthu a m'chipululu.
Thanthwe linali mthunzi wawo masana,
phanga lobisalamo adani akamapita.
Ndinayang'ana mthunzi wanga:
chitenje chakutha pa ndodo ziwiri.

Sabata ina anabwera ndi nkhani ya mphuno.
Akuti pofuna kunena kuti sakwiya msanga
iwo ankati mphuno zake ndi zazitali,
mkwiyo umazirala usanatuluke.
Zimenezo ndinazikonda.
Malemu bambo a Tisauke mphuno yawo inali yaifupi zedi,
mbale zanga zonse zinkadziwa.

Akutinso mawu awo a chifundo
anaphuka pa mawu a chiberekero.
Apo ndinaika nyundo pansi.
Ndabereka asanu, atatu ali moyo.
Ndikudziwa mmene m'mimba mumapotokolera
mwana akachedwa kubwera usiku magetsi atazima.
Ndiye kuti Iyenso mumamupotokola?
Yotamu anangoti sanafike pa mayeso amenewo.

Chomwe chinandidabwitsa n'choti ankakangana naye.
Ankamufunsa ngati wagona,
ankamukumbutsa zomwe analonjeza
monga ndimachitira ndi a Sakubita aja
anatenga malole awiri pa ngongole.
Ndipo chilichonse ankachinena kawiri,
mzere wachiwiri kutsata woyamba koma mosiyana pang'ono.
Zimenezo sunandiphunzitse ndiwe.
Mwala suswa nkhonya imodzi.
Umamenya, nkuutembenuza, nkumenyanso.

Tsono ndi ndani Iyeyo?
Mbusa, mfumu, mbalame yofungatira, moto, mzamba,
wokwera pa mitambo, wowerenga misozi.
Ndinati: anthu akowo sankamudziwa bwino, n'chifukwa chake mayina mbwee.
Iye anati: kapena ankamudziwa kwambiri
moti dzina limodzi linkang'aluka.

Febuluwale mvula inagwa masiku anayi.
Madzi a ku Ngwenya anasefukira, analowa m'nyumba mpaka m'chiuno,
zimbudzi zinasanza, matiresi anayandama.
Pakati pa usiku ndinabereka mdzukulu kumsana,
Tisauke atasenza wailesi ndi makadi a kuchipatala,
tinapapasa mumdima mpaka kuseri kwa mpanda
pomwe pali chimwala chija chinandikana chaka chatha,
chomwe ndinachiotcha katatu osang'aluka,
chomwe ndinachitukwana ndi mayina osanena pamaso pa mbusa.
Tinakwera. Tinalipo asanu ndi anayi, ndi galu wa eni ake.
Chinali chozizira, chinkabaya m'matako.
Sichinanene kanthu.
Kunacha tili pomwepo.

Yotamu sindinamuuze.
Angayambe kulalikira nane pa guwa.

Dzulo kwabwera munthu wa lole,
akufuna miyala yambiri ya maziko ku Chalala,
ndalama yake yokwana fizi ya teremu yonse.
Waloza chimwala chija.
Ndamuuza kuti abwere Lachinayi.
Matayala ndasonkhanitsa, machesi ali m'thumba,
koma m'mawa uno ndangokhala pamwamba pake
ndikumwa tiyi wopanda shuga,
ndikumufunsa Mwini wake, kawiri,
kuti nditani.