Usiku wa ku Jeedimetla

Belu la teni koloko likalira
Nagamani amavula zibangili zake zagalasi,
n'kuziponya m'chitini cha masamba a tiyi,
n'kuvala magolovesi.
Kunja malole akutsokomola pamsewu wa ku Balanagar.
M'fakitale muno mukununkha viniga.

Pabolodi pali chojambula cha Mallesham,
cha chaka chatha, palibe wachifufuta:
mphete ya ngodya zisanu ndi imodzi,
kumutu kwake okosijeni, wagwira haidirojeni padzanja,
kumiyendo kwake naitirojeni, amene amati amini,
uja wa fungo la nsomba yogona.
Nyumba imodzi, makomo awiri.
Mlendo akafika, alowera kuti?

Mlendoyo ndi kaboni waumphawi.
Okosijeni wina anamudyera masuku pamutu,
anamukokera maelekitironi onse kwake
ngati bulangeti usiku wa Disembala.
Ndiye akuyendayenda m'thanki, akupempha.

Okosijeni wapamphete ali ndi mapasa kawiri,
ongokhala, opanda ntchito,
koma dzanja lake ndi nkhonya.
Naitirojeni ali ndi mapasa kamodzi kokha
ndipo sayamba wawerengera.
Amangotambasula.
Mfundo yamangika pomwepo,
chotsala chachoka, chowawasa,
ndi chija chikuluma m'mphuno.

Nagamani amaseka yekha akafika apa.
Amake ankati, iwe dzanja lako n'lobooka,
taona Sulochana, ndolo zake zagolide zikadali m'kabati.
Ndi iye, osati Sulochana,
anasainira mlamu wake ngongole ya njinga yamatayala atatu.
Mwezi uno ndi wa khumi ndi chinayi akubweza.
Amadziwanso zimene asidi amachita akachuluka:
naitirojeni amapereka mapasa ake
kwa woyamba kugogoda,
mlendo weniweni pofika
amupeza chimanjamanja.

Cha m'ma thu koloko Yadagiri wabwera akunjenjemera milomo.
Chivindikiro cha mgolo sanachimange bwino.
Ufa uja unali woyera madzulo
tsopano wada ngati tiyi wopanda mkaka.
Walowa okosijeni wachitatu,
wa mumpweya, yemweyu tikupumayu,
amene sagogoda n'komwe.

Mallesham akukalipa m'Chitelugu, kenako m'Chihindi,
kenako watha mawu, wakhala pampando.
Nagamani sanayankhe kanthu.
Watenga makala osinja, akuda bii,
wathira m'madzi otentha, watakasa,
chakuda chikameze chakuda chinzake.
Wasefa. Wadikira.
Kuziziritsa sikufuna phuma,
ukafulumira umakolola phala.

Koloko ikuyenda ngati yatupa mapazi.
Yadagiri wamubweretsera tiyi m'kakapu kadothi,
waima patali, sakudziwa poika maso.

Kenako pansi pa galasi
kanthu kakuthwanima, kamodzi,
kenako tambiri, tosongoka ngati singano, toyera mbee.
Atenga pang'ono, aika pamoto woyezera:
tasungunuka pa madigiri 169,
pomwe tiyenera kusungunukira.
Okosijeni wapamphete akadali pomwe anali,
haidirojeni wake ali kumanja,
sanataye kanthu, sanalandire mlendo.

Foni yalira m'thumba kukucha.
Ndi mayi woyandikana naye nyumba:
Hamsini watentha thupi usiku wonse,
ndamupatsa theka la piritsi, tsopano wagona.
Nagamani afunsa dzina la pakapepala.
Mayiyo akuti lang'ambika, sakuliona.

Avula magolovesi.
Zala zachita makwinya.
Chibangili chimodzi chasweka m'chitini,
avala zotsalazo,
athamangira basi ya sikisi koloko.