Mfundo Yachisanu ndi Chiwiri

Ntchito yanga ndi khutu ndi bolopeni.
Lachinayi lomaliza mwezi
ndimakhala kumapeto kwa tebulo la khonsolo,
pafupi ndi zenera lothyoka
lolowetsa mphepo ya ku Kaning'ina,
kulemba zimene akuluakulu anena
pa za chitetezo cha mzinda.

Lero mfundo zisanu ndi imodzi
zadutsa ngati madzi a m'ngalande.
Yachisanu ndi chiwiri yakakamira pakhosi:
kamlatho ka ku Chibavi.

Mkulu wa polisi watsegula kaundula,
chipewa chili pabondo.
"Timayenderako usiku uliwonse."
Khansala Zgambo wavula magalasi.
"Pa chiyani, bwana?
Mwezi watha munati mafuta palibe."
"Wapansi."
Wina watsokomola. Chifuwa sindilemba.

Apo NyaHarawa waimirira osapatsidwa mpata,
mayi wa gulu lolondera m'dera,
nsapato zili ndi matope ofiira a m'dambo.
Wayala patebulo wezulo,
tochi yopanda mabatire,
ndi chipewa cha njinga yamoto
chong'aluka ngati chikho.

"Ichi n'cha Wanangwa, mwana wa mng'ono wanga.
Ali kuchipatala, dzina lake lomwe sakulidziwa.
Njinga inali yangongole.
Nyali ya dzuwa ija munadzaidzutsa ndi magule,
batire lake linapita sabata yachitatu.
Mtengo wokha watsala chilili
ngati mboni yodya chiphuphu,
umaona zonse, sunena kanthu.
Galimoto ya khonsolo ndimaiona masana
ikuthamangitsa tomato wathu ku Zigwagwa.
Iyoyo mafuta imamwa kuti?"

Wapolisi sanakweze mawu.
"Mayi, anyamata ndili nawo asanu ndi atatu.
Awiri ali pamsewu, wina ali kumaliro.
Mukuyesa ine ndimagona?
Nanga mnyamata uja gulu lanu linamuthyola nthiti,
n'kupezeka amachokera ku mapemphero a usiku,
ameneyo timulembe pa mfundo iti?"

Mayi uja waweramitsa mutu.
"Tinalakwa. Mdima ulibe nkhope.
N'chifukwa chake ndabwera kudzapempha kuwala."

Chete.
Panja mawawa ayamba kugwa pamalata,
mkati bolopeni yanga yaima m'malere
ngati nkhuku yosowa poponda.

Wapampando wayang'ana wotchi,
wayang'ananso khomo
kumene maenivelopu amalowera.
"Alembi, lembani: komiti yamva,
iona pamsonkhano wotsatira."

Ndalemba.
Mawu amenewa dzanja langa linawaloweza,
limawalemba lokha, ine ndikuganiza zina.
Aka n'kakhumi ndi chimodzi.

Atuluka onse, mipando yalira.
Wezulo watengedwa, tochi yatengedwa.
Chipewa chatsala pakati pa mabotolo a madzi.
Wosesa wandifunsa ndi maso,
ndamuuza achisiye.

Zimene sadziwa pa tebulo lija n'zakuti
nanenso kwathu n'kutsidya kwa kamlatho komweko.
Ndatsika basi nkhungu itatseka kale,
foni ndaibisa m'sokosi,
malipiro a mwezi ndawagawa matumba atatu
monga anandiphunzitsira mkazi wanga.
Matabwa akuterera.
Pansi madzi akung'ung'udza
ngati msonkhano wosafika pamfundo.
Kutsogolo kuli chinthu chaima:
munthu kapena mtengo wa nyali uja?
Mtima gu, gu, gu,
mpaka wezulo walira chapatali,
wosasa, wotopa, koma walira.

Mawa ndidzataipa zonse mwaulemu wake,
opezekapo, opepesa, pemphero lotsegulira.
Koma pansi pa mfundo yachisanu ndi chiwiri
ndidzaonjezera mzere umene palibe anandiuza:
"Chipewa cha Wanangwa chidakali patebulo
ndipo chidzakhala nawo pamsonkhano wotsatira."

Akawerenga adzandiitana.
Akasainira osawerenga,
pamenepo ndidzadziwa
kumene mdima wa ku Chibavi umagona masana.