Lamulo Lachinayi

Mwandida wabwera nacho chopindidwa kanayi,
chikalata cha asikauti,
wachiika pabondo langa ndisanamasule zingwe za jombo.
"Bambo, mungosaina apa.
A Likoswe akuchifuna Lachitatu."

Ndangofika kuchokera ku Ginnery Corner, m'maso muli mchenga.
Usiku wonse ndalondera matayala a eni ake
ndi chibonga, wezulo, ndi jekete lobowoka m'khwapa.

Masiku atatu m'nkhalango ya Michiru.
Phiri lomweli timaliona tikamataya madzi otsukira mbale
kuno ku Chilomoni,
lero likundibwereka mwana.

Ndikuwerenga, chala chili patsogolo.
Bulangete ndi tochi. Mbale ndi kapu.
Mankhwala, ngati mwana ali pa mankhwala.
Lachinayi ndi lalitali kuposa anzake:
mwana asatenge legeni, mpeni, kapena chida china chilichonse;
mfuti idzakhala imodzi,
paphewa la woyang'anira nkhalango;
mwana asaikhudze, ngakhale pofuna kujambulitsa.

Chala chaima.
Mwandida akuseka: "Ndi yoopsezera afisi basi, bambo."

Iye amadziwa kuti bambo ake aang'ono a ku Lunzu amatsimphina.
Amayesa anabadwa choncho.
Palibe anamuuza zina, ndipo Sautso mwini
akafunsidwa amangoti, "N'zakale."

Ndinali ndi zaka zakezi, khumi ndi ziwiri,
tikugona m'chisakasa kumunda kwa Kunthembwe
kulondera chimanga kwa nguluwe.
Malume anatsamiritsa gogodela pamtengo wa mpoza
n'kutsikira kumtsinje.
Sananene kuti musaigwire.
Ankayesa tikudziwa.
Ine ndinangofuna kumva kulemera kwake.
Inali yozizira ngati khasu la m'mamawa,
ikununkha onga ndi thukuta.
Sautso anali tsidya la moto, akutembenuza mondokwa,
mwendo umodzi atautambasula.

Kulira kwake kunamanga nyumba m'khutu langa lakumanzere.
Kuntchito akamati, "Kachingwe, pita ukaphunzire mfuti,
malipiro akwera,"
ndimati chibonga chikundikwana, bwana.
Amandiyesa waulesi.

Amake ali pakhonde, akupeta mpunga.
Sakuyang'ana kuno
koma lichero lasiya kulira.

Pansi pa pepala pali timabokosi tiwiri,
kena ka kulola, kena ka kukana.
Ka kukana n'kapafupi ndi chala changa.
Loweruka atha kuchapa, kupita kukwaya,
kugona kuseri kwa katani komwe ndimamva kupuma kwake
ndikamatuluka.
Koma chikwama wachilongedza kale kuyambira Lamulungu,
sikafu yachikasu waisita kawiri
ndi makala obwereka.

Ndipo munthu wina, kaya ndani, ku ofesi ya sukulu,
anakhala pansi n'kutayipa mawu
amene malume anapita nawo kumtsinje ali m'kamwa.

"Werenga lachinayi," ndikutero. "Mokweza."
Awerenga mothamanga, ngati pemphero la chakudya.
"Bwereza."
Wandiyang'ana. Wabwereza,
ulendo uno akuima pa mpumiro uliwonse.
"Mnzako akati tangoigwira, palibe akuona?"
"Ndikana."
"Ikakhala yatsamira pamtengo payokha?"
"Ndikaitana wamkulu."
"Ukhale kumbuyo kwa mwini wake. Osati kutsogolo, osati pambali."
"Bambo, mwatani kodi?"

Cholembera chikukana.
Ndachikhukhuza pachikhatho mpaka chalavula.
Dzina langa latuluka lokhota,
K wake wagwada ngati wathyoka bondo,
koma ndi langa.

Wathamanga nacho, mapatapata akuwomba m'manja
mpaka kuseri kwa mpopi.
Lichero layambanso.

Pamwamba pa Michiru pakhala kamtambo kamodzi.
Ndavula jombo imodzi, ina ndaiwala.
Mufoni mwatsala mayunitsi a mphindi ziwiri.
Ndikutsitsa maina, L, M, N,
mpaka pa S.
Ikuitana.
Ndaisamutsira kukhutu lakumanja.