Mpikisano wa ku Katoto

Mvula ya Mzuzu ikuwaza pa malata a holo.
Ine ndi Suzgo Chavula tayang'anizana,
pakati pathu mapu a nkhondo yamakedzana,
asilikali a katoni andanda m'mbali mwa mtsinje wojambula.

Chiyambire m'mawa ndikuteteza mlatho umodzi.
Tiyi wanga wazizira.
Suzgo sayankhula,
chala chake chikungozungulira pamwamba ngati kabawi.

Woyang'anira wati kwatsala mphindi zisanu.
Ndaponya madayisi: chimodzi ndi ziwiri.
Mayo ine!
Apakavalo ake aoloka pa dooko lomwe ndinaliiwala,
gulu langa lonse alilongeza m'kabokosi ka machesi.

Tagwirana chanza. Palibe wolira maliro.
Panja akabaza abisala pakhonde,
ndipo mkulu wa asilikali wogonja
akunenerera mtengo wa ku Chibavi.