Mapazi Makumi Anayi

Ndinamutenga mu Febuluwale, nyengo yosaka itatha,
pamene alenje ena amataya agalu ngati nsapato zong'ambika.
Anali mafupa okhaokha, chipsera cha chingwe m'khosi.
Kosungira nyama anamulemba dzina loti Pardo,
dzina limene mwiniwake sankalidziwa.

Masiku khumi ndi awiri anakhala kuseri kwa firiji.
Ndikayetsemula, ankadzikodzera.
Supuni ikagwa, mtima wake unkaoneka kugunda m'nthiti.

Kuno ku Zaragoza mphepo ya m'chigwa cha Ebro sipuma,
imamenyetsa zitseko, imaulutsa mapepala,
ndipo chilichonse chouluka chinali mdani.
Koma mdani wamkulu anali mwamuna wogwira ndodo.
Akangomuona patali, Pardo ankasanduka galu wina:
mano pamtunda, thovu kukamwa, kuuwa kosasa mawu,
chingwe chikundicheka m'manja,
anthu akuwolokera tsidya lina la msewu.

Amparo, wophunzitsa agalu, anabwera
atavala jekete lonunkha chiwindi chouma.
Galuyo sanamuyang'ane n'komwe. Anayang'ana ine.
"Mwabanika," anatero. "Pumani kaye.
Chingwe chimanyamula mantha ngati waya wa magetsi.
Uyu si wolusa ayi. Akupempha danga basi,
koma pamene ankapempha chamumtima palibe anamva."

Tinakagogoda kwa a Eusebio a m'nyumba yapansi,
amene bondo lawo linakana masitepe kalekale,
kuti azikhala pabenchi m'paki ndi ndodo yawo.
Anaseka mpaka misozi:
"Ukalamba wonsewu, lero ndalembedwa ntchito yoopseza galu!"
Malipiro awo anali buledi wotentha wa ku bekari kwanga.

Mapazi makumi anayi.
Pamenepo ndi pamene Pardo ankatha kuyang'ana osanjenjemera.
Akaona ndodo, kachidutswa ka tchizi.
Akaionanso, kachidutswa kena.
Kenako kunyumba, zinthu zisanaipe.
Mphindi zisanu zokha, ine ufa udakali m'zikhadabo,
tulo tikundikoka zikope.

Ndinkalemba pa pepala lokulungira buledi:
makumi atatu ndi asanu,
makumi atatu,
makumi awiri ndi anayi.
Tsiku lina phuma linandigwira, ndinadumpha mapazi khumi,
a Eusebio anakhosomola,
ndipo khoma lonse linagumuka.
Ndinalirira m'chikepe, iye atadzipanikiza pakona,
tonse awiri tikupewana maso.

Mu Okutobala makombola a chikondwerero anaphulika usiku wonse.
Tinagona m'bafa, wailesi ikung'ung'udza pansi.
Kutacha tinabwerera pa makumi anayi.
Amparo pafoni: "Sanaiwale. Watopa chabe.
Inunso mwatopa. Kagoneni."

Tsiku limene zinasintha sindikulidziwa.
Ndimangokumbukira kuti anaona ndodo, n'kutembenukira kwa ine,
maso akufunsa: nanga kachidutswa kanga?
Ndimakumbukira mchira,
umene ndinkayesa kuti unamerera pamimba,
ukutsika pang'onopang'ono, n'kulendewera.

Lero kunazizira. Mapazi atatu.
A Eusebio anali pa nyuzipepala, ndodo itatsamira benchi.
Ndinafewetsa dzanja, chingwe chinakhudza udzu.
Pardo anatambasula khosi lake lalitalilo,
miyendo yakumbuyo itakonzekera kale ulendo wothawa,
ananunkhiza mphira wakunsonga kwa ndodo,
n'kuyetsemula.

Palibe anasuntha.
Nkhalamba ija sinatembenuze tsamba
ngakhale inali itamaliza kuliwerenga kalekale;
ndinaona pepala likunjenjemera m'manja mwake.
Sitima ya mumsewu inadutsa ikuliza belu.
Pardo anaiperekeza ndi maso, anayasamula,
kenako anakweza mwendo n'kuthirira phazi la benchi,
madontho ena pa nsapato ya a Eusebio.
"Wasayina," iwo ananong'ona, osatsitsa nyuzipepala.

Sindinganene kuti wachira.
Njinga zamoto akuziopabe,
ana othamanga, zipewa, maambulera.
Usiku nthawi zina amalira m'tulo
miyendo ikupalasa mpweya, sindidziwa akuthawa ndani.

Mawa tiyamba ndi ambulera.
Amparo wati ikhale yopinda,
itagona pa udzu,
mapazi makumi anayi.