Nsambo Ziwiri

Tinaipanga atatu, pakhonde la wometa ku Makawa:
chigubu cha mafuta ophikira
chimene Asiyatu anati tibweze Lachisanu, sitinabweze,
thabwa la bwato lakale la amalume ake a Twaibu,
lonunkhabe phula,
ndi nsambo zinayi,
ziwiri za waya wa buleki ya njinga yanga ya kabaza,
ziwiri za twaini wa ukonde.

Tinkaimba magetsi akazima.
Kuno amazima osatsanzika,
ngati mlendo amene wamva kuti akumunena.
Che Ndembo wowotcherera amavula magalasi akuda,
kugogoda rimu ndi sipanala.
Sinoya amasiya makina pambali,
kasitomala mutu uli theka,
chipewa pamutu, phazi likuvomereza pansi.
Ine ndinkangothira mang'ombe.
Zala zinali za Twaibu.

Mwezi utalowa mdima, usipa unayitana.
Anamulemba ulovi pa chilimira cha munthu wina,
masabata atatu pachilumba,
pamene palibe golosale, palibe mzikiti,
miyala yokha yoyera ndi zitosi za mbalame.
Anati, ndibwerekeni, usiku wa kumeneko ndi wautali.
Tinayang'anana.
Sinoya anaikulunga m'thumba la feteleza
ngati akutumiza mwana kusukulu yogonera konko.

Magetsi anazima kasanu ndi kawiri.
Ndinawerenga.
Tinkangosewera bawo.
Sipanala inkagwira ntchito ya sipanala.

Tsiku lina foni inalira, mawu odukaduka,
akuti netiweki imagwira pamwala umodzi wokha,
uyime ndi mwendo wakumanzere, usapume.
Ndinangomva kuti mwera, ndi ukonde, ndi pepani.

Anabwera Lachiwiri m'mamawa,
milomo yong'aluka, ndalama zosakwana nsapato.
Anatsegula thumba osatiyang'ana.
Nsambo ziwiri basi.
Za twaini zija anasokera ukonde utang'ambika pamiyala.
Chigubu chinaphwanyika mbali imodzi:
usiku wa mwera chokapira chinagwera m'madzi,
ndiye banjo yathu inakapa,
inakapa mpaka kunacha,
anthu asanu ndi anayi ali m'bwato, palibe woyimba.

Che Ndembo anati, yafa iyi.
Asiyatu, akudutsa ndi beseni la zitumbuwa,
anati, chigubu changa mwachipititsa ku nkhondo.

Twaibu anangoimanga,
kupotokola msomali, khutu lili pathabwa.
Atakhudza waya woyamba
m'kati munayankha kanthu,
mchenga, mamba ouma, kaya kachigoba ka nkhono,
kakunjenjemera pansi pa liwu lililonse
ngati munthu wachimfine amene wakana kugona.
Siinalirenso ngati kale.
Inkalira ngati yaona zinthu.

Nyimbo anabwera nayo ndi yaifupi.
Ilibe mkazi, ilibe ndale.
Imangotchula mayina a alovi mmodzimmodzi,
ndi mtengo wa palafini,
ndi mbalame ina imene inkaba usipa pathandala
mpaka anaipatsa dzina la mwini bwato.
Pofika pa dzina lachisanu ndi chinayi
amabwereranso poyamba,
ngati akuwerenga kuti onse alipo.

Tinaimba kanayi.
Kachisanu kali pakati, babu linayaka.
Makina a Sinoya anadzuka okha patebulo,
Che Ndembo anathamangira geti la munthu,
mayi wina anakuwa, kabaza! atanyamula nkhuku ziwiri.

Ndinamukweza.
Potsetsereka pa mlatho waung'ono uja
anandifunsa chifukwa chake ndimaima ndi chidendene.
Ndinati buleki yakumbuyo ili pantchito ina, mayi,
gwirani nkhuku zanu.