Tsamba Lachitatu

Dzina lako ndinalipeza pansi pa sutikesi ya bambo,
pakati pa ziphaso za msonkho ndi jekete yoyera
imene njenjete zinaisandutsa sefa.
Wilfred Ashcombe.
M'munsi mwake mbululu zakuda zapachikika pa mawaya asanu,
zina zagwirana michira, zina zili pazokha.
Bambo ankati mbululu zimenezo zimalira
ukadziwa pozitsina.

Akuti unapeka nyimbo mazana atatu
zoti zizimveka pa wailesi nkhani zikatha, zanyengo zisanayambe,
zoti anthu azimwera tiyi osazimvetsera.
Anzako anapeka zamabingu, anawaumbira zipilala m'mizinda.
Iwe ankakulipira pa mphindi ngati waganyu,
n'kumati zako n'zopepuka.

Che Ajibu, bambo anga, ankaimba lipenga kuhotela,
kulowera khomo la kukhitchini, nsapato m'manja
kuti fumbi la ku Mpondasi lisadetse kapeti.
Loweruka lililonse ankakuimba iwe,
alendo akulimbana ndi minga ya chambo ndi foloko.
Palibe anatembenuka.
Mwina ndi mmene unkafunira.

Chaka cha mvula yambiri chiswe chinalowa m'sutikesi.
Sichinakhudze chikuto, sichinakhudze dzina lako,
chinangodya tsamba lachitatu, pakati penipeni,
dzenje loti n'kupisamo chibakera.
Kalata yopita kwanu ikanatenga miyezi,
ndipo Loweruka linali mkuja.

Bambo anakhala pakhonde mpaka azana ya m'bandakucha,
lipenga atalitseka kukamwa ndi sokosi.
Dzenje lija analikwirira ndi beni,
beni weniweni wa kwathu, wa pinto ndi chidendene,
anangomuveka tayi.
Bwana wa hotela sanamve kanthu.
Koma kukhitchini Che Mdoka anagwetsa chipande,
ndipo woperekera zakudya anadutsa pakati pa matebulo
chiuno chikumuthawa, supu ili m'manja.

Ine ndinakula ndikudziwa kuti nyimboyo ndi momwemo.

Lero ndimakonza mawailesi ndi mafoni
pafupi ndi nsanja ya wotchi, pomwe dzuwa limasungunula phula.
Lipenga lidakalipo. Batani lapakati limakanirira,
ndimalidonthezera mafuta a makina osokera.
Mwana wanga Lukiya anakusaka pafoni:
chithunzi chimodzi, dazi, magalasi, kolala yolimba,
mizere iwiri yonena kuti unafera m'nyumba ya okalamba
khutu limodzi litagontha.
Nyimbo ija inalipo. Oimvera: makumi anayi ndi mmodzi.
Ine ndinakhala wachiwiri pamwamba pa makumi anayiwo.

Ndinadikira tsamba lachitatu mtima uli m'mwamba.
Linafika mwaulemu,
ngati mlendo wogogoda pachitseko chotsekula kale,
n'kukhala m'mphepete mwa mpando, chipewa pamaondo.
Lokoma ndithu. Sindikunyoza.
Koma undikhululukire, Wilfred,
chiswe chinakuchitira zabwino.

Ndikufuna kukufunsa, poti nonse muli kumeneko:
kodi mwakumana?
Ndi wamfupi, ali ndi chipsera chozungulira pamlomo.
Akayamba kupepesa usamulole.
Umufunse za sokosi ija.

Ndipo usadandaule za makumi anayi ajawo.
Dzulo wakabaza wina anatsika mlatho wa Shire
atanyamula mayi, mwana ndi thumba la makala,
akuimba mluzu.
Ndinasiya chowotcherera mawaya chikufuka utsi patebulo.
Inali yako, kuyambira poyamba,
mpaka pamene imasanduka ya bambo,
n'kubwereranso kwa iwe osapunthwa.
Ndinamukuwira: Achimwene, nyimboyo mwaitenga kuti?
Anati kaya, ya pa ukwati wina ku Namwera,
kapena agogo ake, sakukumbuka,
n'kupalasa, poti mayi uja amachedwa kuchipatala.

Zopepuka, ankatero.
Inde. Katundu wolemera amatsalira padoko.
Yako inakwera njinga.